Bafa la pa msasa ndi madzi a m'chigubu: tithandizane nzeru

Make Tadala (Ngabu): Mwaswera bwanji nonse pa gulu pano. Mutu umodzi susenza denga, ndiye ndabwera ndi vuto langa. Kumapeto kwa Seputembala tili ndi msonkhano wa misasa wa sabata yathunthu kumudzi wina kumtunda kwa Ngabu kuno, ndipo ine andiika mu komiti ya ukhondo kumbali ya amayi. Tikuyembekeza amayi 60, osawerengera ana. Mjigo ndi umodzi, womwewo akumwa eni mudzi, ndiye amfumu anena kale kuti ife tizitunga mbandakucha ndi madzulo basi. Chaka chatha tinaona zakuda. Bafa linali limodzi la masaka, pofika tsiku lachitatu munali matope olekeza mu akakolo, fungo lake osanena. Tsono ndikufunsa ziwiri. Bafa loti tinyamule, timange msanga, pochoka tiphwasule, tipange la chiyani? Nanga munthu wamkulu angasambe n'kuyera ndi madzi ochuluka bwanji?

Wakabaza wa pa Nchalo: Shire yense uja akungopita ku Zambezi waulere, inu muli kalikiliki kuwerenga malita? Kkkkk

Make Tadala (Ngabu): Achimwene, kuchoka pamalopo kukafika ku Shire ndi maola awiri wapansi. Ngakhale pakanakhala pafupi, amayi 60 ndikawapereke kwa ng'ona ine? Ndikawauza chiyani amuna awo?

Mlongo wa ku Joni: Mayi musavutike ndi masaka. Kuno kuli timatenti tosambiramo, topepuka, timalowa m'kachikwama kozungulira ngati lichero. Mukangomasula kamadzitambasula kokha, kuima njo, kutalika kuposa munthu. Kali ndi zipi, kathumba koikamo sopo, ndi chingwe chopachikapo thaulo. Ndaonaponso ena akugulitsa pa Facebook ku Blantyre komweko. Mukagula tinayi nkhani yatha.

Dalaivala wa pa Dyeratu: Alongo, timatenti timeneto ine ndimatidziwa bwino kuposa mmene ndikanafunira. Ndakhala ndikunyamula alendo kupita nawo ku Majete, ku Lengwe, ulendo wina mpaka ku Mwabvi, ndipo amene amagona m'matenti amabwera nato. N'tabwino, sindikana. Koma anakonzera dziko la kapinga ndi mphepo yaulemu, osati kuno kuchigwa.

Choyamba ndi zikhomo zake, zija zoonda ngati waya wa njinga. Dothi la makande la ku Ngabu likauma mu Seputembala lili ngati simenti, mukakhoma zimapindika. Pa mchenga zimalowa bwino koma sizigwira. Chachiwiri ndi mphepo. Kanthu kaja n'kopepuka, kamvuluvulu akabwera masana kamanyamuka. Ndinaona ndi maso angawa bambo wina wachizungu atatsala yekha pa beseni, sopo thupi lonse, tenti ili kugubuduka kupita kutchire. Tinachita kuyang'ana kumbali tonse, koma kuseka kokha ayi sitinathe kudziletsa. Chachitatu, mukatseka zipi dzuwa lili pa liwombo, mkatimo ndi ng'anjo. Mumatuluka thukuta lili kamukamu kuposa polowa.

Ndiye pali kupinda kwake. Kumasula ndi kamphindi, kubwezera m'chikwama ndi nkhondo. Pamafunika kupotokola ngati nambala 8 kenako n'kupsinja. Mukakakamiza, waya wa mkati amathyoka kapena kuboola nsalu, basi katha.

Mlongo wa ku Joni: Kkkk zopindazo n'zoona, langa linakhala kuseri kwa chitseko miyezi iwiri lili chiimire. Koma pa mphepo mungomangirira zingwe ku miyala kapena ku zigubu zodzaza.

Dalaivala wa pa Dyeratu: Eya, zigubu zinayi za malita 20 m'ngodya zonse, limakhala. Kwa banja limodzi n'lokwanira. Kwa amayi 60 olowa motsatizana m'mawa uliwonse, zipi ija sifika Lachinayi.

Gogo wa ku Tengani: Ana inu mwaiwala mphasa? Bango lonseli lili m'madambomu, mukafune tenti ya ku Joni? Ife popita kukagonera ku dimba tinkanyamula mphasa ziwiri zopindapinda pamutu. Mitengo isanu kapena isanu ndi umodzi, luzi, mwatha. Mphepo imadutsa m'mipata, sizigwa, mkati simutentha, madzi akagwerapo zimauma msanga.

Chinanso, musaike chitseko. Chitseko cha chitenje mphepo imakweza nthawi yomwe simukufuna. Zungulizani mphasa ngati chigoba cha nkhono, mbali imodzi ipitirire inzake, munthu azilowa mokhota. Wodutsa panja saona kanthu ngakhale ataima pakhomo penipeni. Wolowa amapachika chitenje chake pa mtengo wapakhomo, ena adziwe kuti muli munthu. Ndi mmene tinkachitira.

Make Tadala (Ngabu): Agogo, zikomo. Koma mphasa ili ndi mipata, anyamata a masiku ano maso awo ndi akuthwa.

Gogo wa ku Tengani: Mukute mkati ndi zitenje zakale zakuda kapena masaka, kuchokera m'maondo kufika m'khosi. Kumwamba musiye poyera, pansi musiye mpata wa chikhatho chimodzi kuti bango lisamakhale m'madzi. Maenje a mitengo thiranimo madzi pang'ono madzulo, m'mawa mukumba mosavuta, kuya kwake mkono ulowe mpaka pa chigongono.

NaBanda (Bangula): Ndiloleni ndilankhule motalikirapo, nkhaniyi yandikhudza pa bala. Madzi osefukira a mu Januwale 2015 anatipeza ku Makhanga, tinapulumuka pa bwato, tinakakhala pa msasa pa sukulu ina miyezi iwiri. Namondwe wa Freddy atabwera mu Malichi 2023 ndinabwereranso pa msasa, ulendo uno ndi ana aakazi awiri osinkhukirapo. Anthu akamakamba za msasa amakamba za ufa ndi nyemba. Ine chimene chinkandisowetsa tulo ndi posambira.

Masabata oyamba kunalibe bafa. Tinkadikira mdima, kupita kuseri kwa kalasi atatuatatu, awiri atambasula chitenje wina akusamba, kenako kusinthana. Manja amalema, chitenje chimatsika, wosambayo ali fulumirani, ogwirawo ali fulumira ndiwe. Udzudzu uli pa msana. Panali chulu chachikulu chapafupi, tsiku lina tinazindikira kuti anyamata amakwera pamenepo. Kuyambira pomwepo amayi ena anangosiya kusamba, kumangopukuta ndi kansalu m'kalasi momwemo anthu akagona.

Kenako anabwera kudzatimangira mabafa a lona, abwino ndithu, a mitengo yolimba. Koma anawamanga moyandikana ndi zimbudzi za abambo, khomo kuloza kumene abambo amakhala pansi pa mtengo kusewera bawo. Palibe anatifunsa. Mabafa aja anakhala masiku ali gwa, ouma, ife tikupitabe kuseri kwa kalasi usiku. Mpaka amayi ena achikulire anazula mitengo ija okha n'kukaimika mbali ina.

Ndiye Make Tadala, musanagule chilichonse, pitani pamalopo ndi amayi awiri atatu. Muime pomwe mukufuna kumanga, muyang'ane mbali zonse: pali chulu? pali mtengo wokwereka? njira ya kumjigo ikudutsa pati? abambo azikhala kuti? Bafa likhale poti mtsikana angapite yekha usiku osaopa, kufupi ndi kogona amayi, koma khomo lifulatire anthu. Ndipo muganizire amene ali kumwezi. Nyanda amachapira kuti, amayanika kuti? Ife tinkayanika pansi pa chitenje china kapena kubisa m'chikwama zisanaume, zotsatira zake zinali zilonda ndi kuyabwa. Siyani kachigawo mkati mwa mpandawo, kosafolera kuti dzuwa lizilowa, mumangemo chingwe. Sizifuna ndalama zimenezo.

Gogo wa ku Tengani: Wanena zoona mwana wanga. Onjezanipo za apongozi. Mayi sangadutse ndi ndowa ndi chinkhupule pamaso pa apongozi ake aamuna, alolera kukhala ndi litsiro sabata yonse.

Make Tadala (Ngabu): NaBanda, mwanditsegula maso. Chaka chatha bafa lathu linali m'mbali mwa njira ya kukhitchini, n'chifukwa chake atsikana ankasamba 4 koloko m'mawa. Ine ndinkangoti ndi changu.

Mphunzitsi wa ku Muona: Ndiyankheko za malita, poti masamu ndiye ntchito yanga. Mayi aliyense akasamba ndowa yodzaza ya malita 20 kawiri pa tsiku, amayi 60 ndi malita 2,400, kutanthauza zigubu 120. Pa mjigo wopopa ndi manja wa mtundu wa Afridev, tiyerekeze mphindi ziwiri chigubu chimodzi pophatikiza kutsuka ndi kusinthana, amenewo ndi maola anayi mukupopa osapuma, madzi osamba okha. Ophikira simunatunge, akumwa simunatunge, eni mudzi ali pa mzere akukuyang'anani. Amfumu akuthamangitsani Lachiwiri.

Mukatsitsa kufika malita 5 pa kusamba kumodzi, ndi malita 600, zigubu 30, ola limodzi. Pamenepo ndiye mukhala mwamtendere ndi mudzi.

Wakabaza wa pa Nchalo: Malita 5? Amenewo ndi osukusula kumaso aphunzitsi. Ine ndikaweruka pa kabaza fumbi la mu msewu wa kumunda wa nzimbe lija silichoka ndi ndowa imodzi.

Mphunzitsi wa ku Muona: Silichoka chifukwa mumakhuthula madzi ndi manja awiri, theka limagwa pansi osakhudza thupi. Yesani izi mawa. Tengani botolo la Sobo la malita awiri, mubowole chitsekerero timabowo tisanu ndi msomali waung'ono wotenthetsa pamoto. Ikani madzi pang'ono m'kabeseni, munyike kansalu, munyowetse thupi lonse ndi kansaluko. Pakani sopo pa kansalu, osati pathupi mwachindunji, mukhule mokwanira. Mukatero finyani botolo lija kuyambira m'khosi kutsika, madzi otsuka mapewa ndi omwewo atsuke miyendo. Mabotolo awiri ndi lita imodzi ya m'kabeseni, malita 5 akwana. Ine ndimatero chilimwe chilichonse chitsime chathu chikaphwa, ndipo palibe mwana wa sukulu anandithawapo.

Dalaivala wa pa Dyeratu: Aphunzitsi akunena zoona. Alendo anga amakhala ndi thumba lakuda la malita 20 lokhala ndi kapaipi ndi kampopi kotsekera, amalipachika mu mtengo. Chinsinsi chake si thumbalo, ndi kampopiko: kutsegula kunyowa, kutseka, kupaka sopo, kutsegulanso kutsukuluza. Thumba limodzi amasamba anthu anayi. Ife tinakopera ndi chigubu cha mafuta ophikira cha malita 5, kubowola pansi, kutseka ndi kamtengo kosongola. Mukamasula pang'ono chitsekerero cha pamwamba madzi amatuluka, mukamanga amachepa mpaka kuima. Koma chenjerani, thumba lakuda lija mukalisiya padzuwa la kuno tsiku lonse madzi ake amawaula. Yambani mwayesa pa mkono, makamaka posambitsa mwana. Ndipo malita 20 ndi makilogalamu 20, musapachike pa mitengo ya bafa la mphasa, ligwa ndi munthu mkati.

Mlimi wa Thonje (Ngabu): Nzeru yabwino ndi sipuleya yopopera thonje ija ya malita 16. Imatulutsa madzi ngati mvula yowaza, banja lonse limasamba ndi thanki imodzi. Ine ndili nazo ziwiri, Make Tadala ndikubwerekani.

Wazaumoyo (Nsanje): Ayi bambo, chonde ayi. Mayi musalandire. Sipuleya yomwe munalowapo mankhwala a thonje siyenera kufika pathupi la munthu, mpang'ono pomwe. Mankhwala ngati cypermethrin ndi dimethoate amatsalira m'mapaipi, m'malabala ndi m'pulasitiki momwe, ndipo amalowa kudzera pakhungu. Posamba thupi lonse lili pamtunda, maso, ndi malo ena osatchula. Ganizirani mayi woyembekezera kapena khanda.

Mlimi wa Thonje (Ngabu): Koma ndimatsuka katatu ndi sopo wa ufa.

Wazaumoyo (Nsanje): Ngakhale kakhumi. Kodi mungamwere madzi m'botolo lomwe munali mankhwalawo chifukwa mwatsuka katatu? Ngati mukufuna njira imeneyo, gulani yatsopano m'sitolo, mulembepo ndi utoto kuti ndi yosambira, isapite kumunda. Zigubu nazonso chimodzimodzi, dziwani chomwe chinali mkati musanagule pa msika.

Mlimi wa Thonje (Ngabu): Chabwino, ndamva. Ndimangofuna kuthandiza.

Make Tadala (Ngabu): Tathokoza mtimawo bambo, musakhumudwe. M'malo mwa sipuleya mutibwereke ngolo tsiku lonyamula mphasa.

Wazaumoyo (Nsanje): Ndiwonjezere za matope amene munadandaula aja, chifukwa matenda amayambira pamenepo. Kolera ija inayamba mu Malichi 2022 inatenga anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Nsanje inali m'gulu la maboma oyamba kukhudzidwa. Pamene pasonkhana anthu ambiri, mjigo umodzi, madzi ali chithaphwi, m'pamene imakonda.

Bafa likhale pamalo okwererapo, madzi azitsetserekera kunja. Kuseri kwake kumbani dzenje, mudzazemo miyala kapena zidutswa za njerwa, kangalande kochokera m'bafa kazithira mmenemo. Makande akakhuta madzi samwanso, ndiye dzenje likhale lalikulupo, kapena mukumbe awiri muzisinthanitsa. Poponda ikani njerwa, miyala yafulati kapena kathandala ka nsungwi, mapazi asamagunde dothi. Bafa, dzenjelo ndi chimbudzi zikhale mamita osachepera 30 kuchokera pa mjigo, ndipo kumunsi kwake. Muwauze amayi poyera kuti m'bafa si motayira madzi, fungo lija ndi mkodzo, si sopo.

Pa ngozi mabungwe othandiza amawerengera malita 15 pa munthu pa tsiku ngati poyambira, kumwa, kuphika ndi kusamba zonse pamodzi. Tsono malita 5 a aphunzitsiwo kawiri pa tsiku si nkhanza. Koma osapungula madzi akumwa, kutentha kwa kuno kumadutsa madigiri 40, munthu amakomoka. Osapungulanso osamba m'manja: mpondagiya pakhomo pa chimbudzi ndi wina kukhitchini, sopo pa chingwe. Akumwa muthiremo WaterGuard kapena klorini motsatira muyezo wolembedwa.

NaBanda (Bangula): Nanga mjigo ukafa pakati pa sabata? Zimachitika.

Wazaumoyo (Nsanje): Mukakakamizika kutunga m'dambo kapena m'ngalande, madziwo musasambe tsiku lomwelo. Tizilombo ta likodzo timachoka mu nkhono n'kuboola khungu, koma kunja kwa thupi la munthu sitikhalitsa. Madzi akagona m'chigubu masiku awiri amakhala abwino kusamba, kapena muwatenthetse pamoto kenako azizire. Wotunga asalowe m'madzi. Kumwa ndi nkhani ina, amenewo ndi kuwiritsa kapena klorini basi.

Make Chisomo (Sorgin): Palibe watchula za mchere. Mijigo yambiri ya kuno madzi ake ndi amchere, sopo sachita thovu, munthu umangopakabe, kenako potsukuluza madzi osakwana. Mukauma khungu lili mbuu ngati mwagona pa phulusa. Make Tadala kalaweni kaye madzi a mjigowo. Ngati ndi amchere, uzani amayi achepetse sopo, kansalu ndiye kagwire ntchito, ndipo asaiwale mafuta odzola. Tsitsi atsuke kunyumba, aluke kapena amange duku, la pa msasa limadya madzi a anthu atatu.

Mphunzitsi wa ku Muona: Ndipo osamba aimirire m'beseni lalikulu. Madzi otsalamo mukawaze pabwalo fumbi ligone, kapena mutsukire pansi pa chimbudzi. Dzenje lanu lija silidzaza msanga.

Wakabaza wa pa Nchalo: Ine langa ndi limodzi lokha, ndipo ulendo uno sindikuseka. Musalowe ndi tochi m'bafa la nsalu kapena la masaka oyera usiku. Pa maliro ena tinagona panja, mayi wina anaika foni yoyaka pansi kumbuyo kwake, chithunzithunzi chonse chinali pa saka ngati kanema wa pa msika. Amuna tinasamuka pamoto mwaulemu koma mayiyo mpaka lero sadziwa. Nyali ipachikidwe panja pa mtengo, kuwala kuzigwera kuchokera pamwamba.

Gogo wa ku Tengani: Lero wayankhula ngati munthu. Nyaliyo ithandizanso pa zinkhanira, zimakonda pansi pa njerwa zonyowa. Kulowa ndi mapatapata, osati chosavala.

Mlongo wa ku Joni: Mwandigonjetsa ndi mphasa zanuzo kkk. Komabe langa lija ndipatsira wina amene akubwera pa basi, mukaike pafupi ndi kogona kwa agogo oyenda movutikira, muikemo kampando. Likathyoka lathyoka.

Make Tadala (Ngabu): Takhuta, alongo. Limenelo ndiye ntchito yake yapezeka.

Make Tadala (Ngabu): Ndabweranso, tinaweruka dzana. Tinamanga mabafa anayi a mphasa, olowa mokhota monga ananenera agogo, ndi kachigawo koyanikira ka NaBanda. Malo oyamba amene ndinasankha tinawasiya, kunali mtengo wa bwemba woti mwana aliyense akwera. Za malita 5 tsiku loyamba kunali mkangano, mayi wina anati sanabwere kudzasamba ngati mbalame, tinamusiya atunge yekha ndowa yake. Atakapopa kawiri, Lachitatu anadzapempha botolo. Dzenje limodzi linadzaza Lachinayi, anyamata anakumba lina. Katenti ka ku Joni kanathandiza agogo asanu ndi mmodzi, kanauluka kamodzi kokha mulibe munthu, ndipo kali kuno kunyumba chiimire pakhonde, atatu tayesa kukapinda talephera. Chomwe palibe anatichenjeza ndi mbuzi za m'mudzimo, zadya sopo zitatu ndi ngodya ya mphasa imodzi.

Dalaivala wa pa Dyeratu: Musakakamize, ndidutsa pa Ngabu Loweruka popita ku Bangula, ndidzakupindirani. Mukhale ndi chikwama chake pafupi.

Mlimi wa Thonje (Ngabu): Mphasa yodyedwayo musataye mayi, ndiyanikirapo mapira.